A Gasipari, Munthu Amene Sankakhulupirira Mayina

Mwezi wathawu tinakawaka chiliza cha a Gasipari Sakala, popeza chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Simenti inabwera pa lole kuchokera ku Tete, mchenga tinatuta pa ngolo. Mmisiri atafunsa zoti alembe pamwala, a Naphiri, mkazi wa malemuwo, anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Lembani dzina," anatero, "koma mudziwe kuti mwini wake akanakutsutsani. Akanati mulembe nambala."

Ife amene tinkawadziwa tinaseka nawo. Achinyamata amene anabwera kudzathandiza kutunga madzi anangotiyang'ana, osamvetsa chosekacho. Pobwerera kunyumba ndinaona kuti pakapita zaka zochepa, otha kumvetsa nthabwala imeneyo tidzakhala titatha, ndiye ndati ndilembe.

Ku Fingoe kuno ankadziwika kuti a Tiyu, ndiko kuti amalume m'Chipwitikizi, ngakhale kwa anthu amene sanali nawo pa ubale. Ankagwira ntchito ku Sentulo, nyumba ya makompyuta ija ili kuseri kwa msika, imene bungwe la anthu obwerera kothawa nkhondo linamanga mothandizidwa ndi achifundo akunja. Ine ndinawadziwira komweko, ndili mphunzitsi wa ku Chipera wochita maphunziro a patali. Anali munthu wamtali, wowonda, womanga mabatani a malaya mpaka pakhosi ngakhale m'nyengo imene miyala imatentha ngati chiwaya. Powerenga manambala ankawerenga m'Chingelezi cha ku Zambia. Akapsa mtima ankagwera m'Chinsenga. Popemphera ankapemphera m'Chinyanja, ndipo Chipwitikizi ankachisungira mikangano ya mu ofesi. Munthu unkatha kudziwa mmene mtima wawo ulili pongomva chilankhulo chimene akulonjera nacho.

Panja pa Sentulo ankaikapo beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo. Anyamata okumba golide akabwera kudzatumiza mauthenga kwa abale awo, manja ali psuu ndi dothi, a Tiyu ankaima pakhomo n'kuloza besenilo osalankhula. Wina wandevu zake anawayankha tsiku lina kuti iye si mwana woti azisambitsidwa m'manja. Iwo anamuuza kuti fumbi silifunsa zaka za munthu, ndipo anaima pomwepo mpaka wandevuyo anawerama. Mtedza ndi nzimbe sizinkaloledwa m'holo. Koma munthu akasokonezeka pa kompyuta, kaya ndi mayi wokalamba wofuna kuona chithunzi cha mdzukulu wake wa ku Chipata, ankakhala naye pambali mpaka dzuwa kupendeka, osamulanda mbewa ya kompyutayo m'manja. Ankati ukamuchitira munthu, mawa abweranso ali chimodzimodzi.

Mawu amene ankawakonda kwambiri anali oti dzina limanama koma nambala siinama. Ankawanena pa chilichonse: pa mankhwala a ng'ombe, pa nyimbo za m'tchalitchi, ngakhale pa mabasi. Ine ndinkayesa ndi khalidwe chabe la anthu a zamawaya, mpaka a Naphiri atandifotokozera kumene mawuwo anachokera.

Nkhondo itafika kuno, a Gasipari anathawira ku Zambia ali mnyamata wokwatira kumene. Mayi awo ndi mlongo wawo anathawa njira ina, nakathera ku msasa wina wakutali. Kumsasa kwawoko, kufupi ndi Petauke, a Gasipari ankathandiza munthu woyendetsa wayilesi ya mauthenga, ndipo ndi kumene anaphunzira za mawaya. Pa wayilesi imeneyo pankadutsa mauthenga a maliro, a ana otayika, a anthu ofunafuna abale awo. Tsiku lina, kuchokera ku msasa wina, kunatuluka uthenga woti Gasipari Sakala wamwalira. Anali munthu wina wa dzina lomwelo. Koma uthengawo unayenda pakamwa mpaka unafika kwa mayi awo. Mayiwo analira maliro, anameta, ndipo anamwalira nkhondo isanathe akukhulupirira kuti mwana wawo anatsogola kale. A Gasipari sanadziwe chilichonse. Anazimva atabwerera, tsiku limene anafika pamudzi pawo chakufupi ndi Malowera, mlongo wawo atawaona n'kuponya mtsuko pansi, kuthawira m'mapira akukuwa.

"Kuyambira pamenepo," anatero a Naphiri, "uthenga uliwonse umene ankatumiza, dzina linkayenda ndi nambala ya khadi la munthuyo. Ukakana kupereka nambala, uthenga wako sunkapita."

Fingoe amene anamupeza pobwerera anali wa nyumba zopanda madenga, mitengo itamera m'kati mwa masitolo. Iwo anamangirira waya pamtengo wautali, n'kulumikiza wayilesi ku batire la galimoto yakufa, ndipo kwa nthawi yaitali aliyense wofuna kulankhula ndi Tete ankadutsira kwa iwo. Makompyuta pamene ankafika, imvi zinali zitayamba. Bungwe linawatumiza ku Tete kukaphunzira, ndipo ankasimba okha kuti anzawo a m'kalasi ankawapatsa mpando poyesa kuti ndi kholo lodzaona mwana. Anabwerako akudziwa kuyendetsa makina aakulu amene makompyuta onse a m'holo ankadalira, omwe tinkawatchula kuti sevidolo.

Ndiyenera kufotokoza pang'ono za makina amenewa, chifukwa nkhani yaikulu ya moyo wawo ku Sentulo inachitikira pamenepo. Sevidolo yathu inali ndi zingwe ziwiri zotulukira kunja. Chimodzi chinkakwera padenga, ku antena yooneka ngati mbale, imene inkatilumikiza mwachindunji ndi sukulu ya aphunzitsi imene tinkaphunzirako patali. China chinkapita ku modemu ya netiweki ya foni, yomwe inkatipatsa intaneti wamba. Munthu ukalemba dzina la tsamba, makina sadziwa kumene tsambalo lili. Amayamba afunsa nambala yake kwa makina ena osunga mayina, amene amisiri amawatchula DNS. Tsono chingwe chilichonse chinali ndi wosunga mayina wakewake. Wa ku antena ankadziwa mayina a m'kati mwa sukulu ija, kuphatikizapo tsamba la mayeso. Wa ku modemu ankadziwa za dziko lonse, koma za m'kati mwa sukuluyo ayi. Ndipo modemuyo inali ndi khalidwe loipa. Ikaduka n'kulumikizanso, zomwe zinkachitika kawirikawiri, inkafufuta adiresi ya wosunga mayina wa ku antena n'kulembapo ya wake. Zikatero sevidolo inkakafunsa dzina la tsamba la mayeso kwa amene salidziwa, ndipo pagalasi pankabwera mawu oti tsambalo kulibe.

Zimenezi zinawasowetsa mtendere a Gasipari mpaka anapeza njira yawo. Mu sevidolo muli kafayilo kamene makina amayamba kuyang'anamo asanafunse wina aliyense. Iwo analembamo mzere umodzi: dzina la tsamba la mayeso, pambali pake nambala yake. Kuyambira pamenepo modemu inkatha kuduka mmene ingafunire, tsamba lathu linkatseguka basi. Anakondwa kwambiri. Ankati tsopano makina aleka kufunsa njira kwa anthu odutsa. Ndipo kunena zoona, mzere umenewo unatitumikira bwino kwa nthawi ndithu.

Woyamba kuutsutsa anali Dona Seleste, mayi wa ku Tete amene bungwe linamulemba kuti aziyendera nyumba zake za makompyuta. Ankabwera pa lole mwa apo ndi apo, atamanga mpango kumutu chifukwa cha fumbi, ndipo Chinyanja chake chinkatsamira ku Chinyungwe. Tsiku limene anaupeza mzerewo ine ndinali m'holo, ndipo chitseko cha chipinda cha sevidolo chinali chotsegula.

"Tiyu, mzere uwu analemba ndani?"

"Dzanja langa, mwananga."

"Nanga a kusukulu akadzasintha nambala?"

"Nambala sasintha. Amene amasintha ndi mayina."

"Amasintha, Tiyu. Makina akakalamba amagula ena, nambala n'kukhala ina. Dzina analiikira zomwezo, kuti iwo akasintha kuseri, ife kuno tisadziwe n'komwe. Ndiloleni ndikonze bwinobwino. Sevidolo izidziwa yokha kuti dzina la kusukulu ikafunse ku antena, mayina ena onse ikafunse ku modemu. Ndipo modemuyo tiiletse kufufuta za mnzake."

Kenaka ndinamva a Gasipari asintha chilankhulo, ndipo sanamutchulenso kuti mwananga.

"Dona Seleste, inu mawa mukwera lole. Zimene mukufuna kuikazo zikadzavuta muli ku Tete, ine ndidzafunsa ndani? Mzere wangawu ndimauona ndi maso, ndimaumvetsa. Musandisiyire nyumba imene sindidziwa pamene pali mzati."

Mfundo yawo sinali yopanda pake, ndipo Seleste anaiona. Anati awaphunzitsa. Iwo anati aona. Ulendo wotsatira anakumbutsa, iwo anati nthawi ya mayeso yayandikira, si bwino kugwedeza zinthu. Ulendo winawo anati mayeso angotha kumene, palibe changu. Mkanganowo unakhala ngati moni wawo. Koma lole ikamanyamuka, a Gasipari ankamupatsira kathumba ka malambe kapena masau ouma, ati ana akalawe za kumudzi, ndipo ankaima pamsewu mpaka fumbi litatha.

Pakati pa aphunzitsi amene tinkaphunzira patali panali a Benjamini Lungu a ku Malowera, wamkulu kwa tonsefe. Iwo anayamba kuphunzitsa anthu atangobwerera, pansi pa mtengo, ana akulemba padothi ndi zala. Ena mwa ife tinadutsa m'manja mwawo. Koma analibe pepala la uphunzitsi, ndipo nthawi inali itafika yoti opanda pepala asiye choko. Mayeso otsiriza a chaka chimenecho ndi amene akanawasunga m'kalasi. Ndi a Gasipari anali pa ubwenzi wakale, wochokera kumsasa. Ankaitanana kuti achimwene, ndipo a Benjamini akabwera ku Fingoe ankafikira kwa a Naphiri.

Mayesowo ankalembedwa pa kompyuta. Tsamba linkatseguka m'mawa n'kudzitseka lokha masana, kaya wamaliza kaya sunamalize. Tinafika dzulo lake, ena pa njinga, ena pa lole, ndipo m'mawa tinakhala aliyense pa kompyuta yake, manja osamba. Nthawi itakwana tinalemba dzina la tsambalo. Silinatseguke. Sipanabwere mawu aja oti kulibe. Pagalasi pankangozungulira kachizindikiro kodikira.

A Gasipari anati tisadandaule. Analowa m'chipinda chawo, anatuluka, anagwedeza zingwe, anazimitsa makina n'kuyatsanso. Kenaka anatenga makwerero n'kukwera padenga. M'maganizo mwawo vuto silikanakhala pa dzina, popeza dzinalo analimangirira okha ku nambala. Ngati nambala siikuyankha, ndiye kuti njira yaduka. Tinkamva mapazi awo pamalata. Dzuwa linakwera, m'holo munayamba kutentha, ndipo mtsikana wina wa ku Chipera anayamba kulira mwakachetechete.

Ndinatuluka n'kuyang'ana kumwamba. "A Tiyu, bwanji osaimbira Dona Seleste?"

"Ndi antena iyi, mayi mphunzitsi. Seleste sangaikonze ali ku Tete."

Ndinabwerera m'kati. Patapita nthawi ina a Benjamini anadzuka, anavala chipewa chawo, nakaima pansi pa makwerero. Sanakweze mawu.

"Achimwene, tsikani. Imbani foni."

Anatsika. Malaya anali atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno. Anaimba ataima pakhomo, ndipo tonse tinkamva mbali yawo yokha.

"Ee, mzere uja ulipo. Iyayi, sindinaufufute." Anamvetsera. "Liti?" Anamvetseranso, nthawi yaitali. "Ndamva, mwananga. Ndiuze chochita."

A kusukulu anali atasamutsira mayeso pa makina atsopano masiku apitawo. Wosunga mayina wa ku antena ankaidziwa nambala yatsopanoyo, ndipo malo ena onse olembera mayeso anali m'kati molemba. Sevidolo yathu yokha ndi imene sinafunse, chifukwa yankho inali nalo kale, lolembedwa ndi dzanja la a Gasipari, lolozera kumalo kumene kunalibenso kanthu. Foni ili kukhutu, anafufuta mzerewo, anazula chingwe cha modemu, n'kubwezeretsa adiresi ya wosunga mayina wa ku antena monga Seleste ankawauzira. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo.

Nthawi yotsala inali yochepa kuposa imene inatayika. Ife a zala zofulumira tinathamanga n'kumaliza mopereweza. A Benjamini ankalemba ndi zala ziwiri, kufunafuna chilembo chilichonse ngati munthu wotola nyemba zotayika. Mayankho anali nawo m'mutu. Tsamba linadzitseka ali pakati pa chiganizo. Anakhala akuliyang'ana galasilo, kenaka anapukuta magalasi awo a m'maso, nawaika m'thumba.

Mkulu wa Sentulo, amene tinkangomutchula kuti a shefi, anatisonkhanitsa panja pamthunzi. Sanali munthu woipa, ndipo ankafuna kutithandiza. Anati auza a kusukulu kuti antena inafa m'mawa wonse, ndipo mwina pomva zimenezo adzalola kuti amene sanamalize alembenso. Ambiri tinavomereza. A Gasipari anali ataima chapatali, atatsamira makwerero aja.

"Antena sinafe," anatero m'Chinyanja. "Ndinalakwitsa ndine. Ndinauzidwa kangapo kuti ndichotse mzere umene ndinalemba, ndinakana. Lero ndinauzidwa kuti ndiimbe foni, ndinachedwa."

"A Tiyu," anatero a shefi, "zimenezo tikambirana m'nyumba. Pano tikufuna kupulumutsa anthu."

"Mukanena kuti antena, mlandu ugwera Seleste, chifukwa woyang'anira antena ndi iyeyo. Adzati anasiya chinthu chakufa pa nthawi ya mayeso. Mwana uja anandichenjeza. Sindingamusenzetse katundu wanga."

"Nanga a Benjamini?"

A Gasipari anatembenukira kwa mnzawoyo. "Achimwene, ndipita ndekha ku Tete ndikawapemphe. Ndikanena zimene zachitika."

A Benjamini anangoti, "Mwanena kale," natenga njinga yawo. Tsiku limenelo sanakafikire kwa a Naphiri.

Ku Tete anapitadi, ndipo anakanena monga analonjezera. A kusukulu anawamvetsera mwaulemu, koma anati njira yawo inali bwino, vuto linali lathu, ndipo mayeso sangatsegulidwenso chifukwa cha malo amodzi. Mpaka lero anthu amatsutsanabe za nkhaniyi. Ena amati bodza la a shefi likanawapulumutsa a Benjamini. Ena amati a kusukulu akanaona okha pa makina awo kuti antena inali moyo, ndipo tikanataya zonse, mayeso ndi ulemu womwe. Ine ndaisinkhasinkha kambirimbiri ndipo sindinafike pamapeto. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Gasipari anadziwa kuti choonadi chawocho chikhoza kulipiridwa ndi munthu wina, mnzawo wapamtima, ndipo sanadzinamize kuti n'chopepuka.

A Benjamini anasiya kalasi yawo, nabwerera kumunda. Mvula yoyamba isanagwe, anthu anaona a Gasipari akukweza njinga pa lole ya ku Malowera, atamangirira kiyibodi yakale pakaliyala. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi a Benjamini eni ake, patapita zaka. Akuti akazi awo anawapatsa madzi akumwa mlendoyo, koma mphasa sanawayalire. A Benjamini anachokera kumunda n'kuwapeza ataima pabwalo.

"Mwabwera kudzatani?"

"Ndabwera kuti muzindiona nkhope, musamangondimva dzina. Ndabweranso ndi ichi. Mutu wanu unakhoza, zinatsalira ndi zala."

"Chopanda waya chimenecho ndichita nacho chiyani?"

"Zala sizifuna waya."

A Gasipari anakhala pa mwala, n'kutulutsa buku la nyimbo za m'tchalitchi. Iwo ankawerenga mokweza, a Benjamini n'kumagogoda zilembo pa kiyibodi yosalumikizidwa ku chilichonse, ili pamiyendo. Akaphonya, a Gasipari ankaona ndi maso n'kunena kuti abwereze. Anabwerera kumeneko kambirimbiri chaka chimenecho, lole ikapezeka, ndipo m'dzinja misewu itaduka ankamaliza ulendowo akukankha njinga m'matope. Zolankhula zina panalibe. Ankafika, kuwerenga, kumwa madzi, kubwerera.

Chaka chotsatira a Benjamini analemba mayeso n'kukhoza. Koma malo awo a ku Malowera anali ataperekedwa kwa wina, ndipo anawatumiza ku sukulu ya kutali ndi munda wawo, kumene anakaphunzitsa mpaka kupuma. Ubwenzi uja sunabwerere mmene unalili. Akakumana ankapatsana moni wathunthu, kufunsana za kunyumba ndi za mvula, koma mawu oti achimwene sindinawamvenso. Pa maliro a a Gasipari anabwera, anakhala kumbuyo, ndipo pobalalika anandipeza n'kundigwira dzanja.

"Munthu uyu anandilakwira," anatero, "koma sanandibisale."

Za sevidolo zija anazikonza sabata yomwe anabwerako ku Tete. Anamuitana Seleste, koma sanalole kuti akonze yekha. Anati achite iwo akuona, kenaka afufute zonse, iwo abwereze ndi manja awo. Anabwereza mpaka Seleste anatopa n'kukakhala panja. Kuyambira pamenepo dzina lililonse la kusukulu linkafunsidwa ku antena, ena onse ku modemu, ndipo modemu inaletsedwa kulemba pamalo pa mnzake. M'mawa uliwonse, anthu asanalowe, ankazula chingwe chimodzi n'kuyesa mayina, kubwezera, kuzula chinacho n'kuyesanso. Pambuyo pake anaphunzitsa zomwezo amisiri a malo ena a bungwe, ndipo poyamba phunziro ankasimba za tsiku la mayeso lija, osachotsapo za padenga. Mawu awo okondedwa aja sanawataye, anangowawonjezera. Ankati nambala siinamadi, koma imasamuka osatsanzika, choncho munthu usachite manyazi kufunsa amene akudziwa kumene yapita.

Sindikufuna kuwapanga woyera mtima. Liuma sanalisiye. Anakangana ndi a shefi za malo oika mabatire mpaka osalankhulana nyengo yonse ya zokolola. Anakana magalasi a m'maso pamene aliyense ankaona kuti akuwerenga mphuno ili pagalasi. Maso ndi amene anawachotsa pa ntchito, ndipo chifuwa n'chimene chinawatenga. Masiku otsiriza Seleste anabwera kudzawaona, ndipo a Naphiri akuti awiriwo anathera nthawi yonse akutsutsana za mtundu wa zingwe, wodwalayo akutsokomola pakati pa mfundo.

Titachoka kumanda tsiku la chiliza lija, ndinadzera ku Sentulo. Chipinda cha sevidolo n'chopapatiza, chili ndi zenera limodzi laling'ono m'mwamba. Makina akugwirabe ntchito, timagetsi take tobiriwira tikuphethira, koma amene amawayang'anira tsopano amachita zonse ali m'holo pa kompyuta ya m'manja, ndipo salowamo kawirikawiri. Pakona pali mpando umene a Gasipari ankakhalira. Ndi mpando wa lole ina imene inapsa pa nkhondo, umene anauzula n'kuuwotcherera miyendo ya chitsulo. Pakati pake panalowa m'kati potengera thupi lawo, ndipo pakhoma pambali pake laimu anachita kuda, kusalala, pamene phewa linkatsamira. Palibe amene amaukhalira, komanso palibe amene wanena zoutulutsa. Pamwamba pa makina, pamene pamafunda, nalimata wapezapo pogona.

Ndili chiimire m'khonde, kunabwera mayi Rozita, amene amasesa ku Sentulo kuyambira pamene inamangidwa. Anali ndi tsache ndi kiyi m'manja. Sanandione. Anafika pachitseko chimene ine ndinali nditachisiya chotsegula, anaima, nagogoda pafelemu ndi chala.

"Odi, a Tiyu," anatero chapansipansi.

Anadikira pang'ono, monga munthu amadikirira kuti ayankhidwe. Kenaka analowa n'kuyamba kusesa.